Nthabwala yomweyomweyo zaka makumi: za makatuni a m'magazini akale

Bambo Mbewe: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Dzulo ndimasuntha katundu m'chipinda chosungiramo zinthu poti denga layamba kudontha, ndiye pansi pa makatoni ndinapeza mulu wa magazini amene ndinkagula pa kaunjika wa mabuku ndikadali mphunzitsi wachinyamata. Ambiri ndi a Mad a ku America, ochepa ndi a Punch a ku Britain. Chiswe chadyako m'mbalimu koma amawerengeka. Ndinati ndingosuzumirako imodzi. Dzuwa linalowa ndili chikhalire pansi, denga osakonza, mayi a kunyumba mpaka pano sakundiyankhula bwino. Chimene chandidabwitsa n'chakuti nthabwala zake ndi zomwezomwezo magazini iliyonse, chaka ndi chaka, koma ndimaseka ngati ndaziona koyamba. Kodi ndi ukalamba kapena pali chinsinsi?

Nangozo: Aphunzitsi, yambani mwakonza denga, mvula ikabwera chiswe chipeza mnzake wothandizana naye 😂

Fatsani: Ine ndinena mosapsatira madala. Umenewo ndi ulesi wa ojambula. Munthu wapeza nthabwala imodzi ili bwino, basi waikama ngati ng'ombe mpaka kupuma pantchito. Inu mukuseka chifukwa zikukukumbutsani unyamata, osati chifukwa n'zoseketsa.

Chikondi Wojambula: Achimwene a Fatsani, mwandiponda pachilonda, poti ntchito yanga ndi yomweyi. Aphunzitsi, tsegulani Mad iliyonse mwa amenewo, mupeza akazitape awiri, wina wovala zoyera wina zakuda, nkhope zosongoka ngati mlomo wa khwangwala, zipewa zotambalala. Eti alimo?

Bambo Mbewe: Alimo mwana wanga, Spy vs. Spy. Amene ndikuyang'ana panoyu wakuda wapatsa mnzake mphatso yokulunga bwinobwino.

Chikondi Wojambula: Eya. Ndipo nonse, ngakhale amene simunaionepo, mwadziwa kale kuti m'mphatsomo muli bomba. Woyera uja nayenso akudziwa. Wojambula akudziwa kuti inu mukudziwa. Ndiye ntchito yagona pati? Yagona poti bomba limenelo liphulikire ndani, ndipo lidzere njira iti. Mwina woyera wakumba kale dzenje loti mphatsoyo igubudukire kwa mwini wake, mwina wakuda anaganiziratu zimenezo n'kuika bomba lenileni pampando umene woyera akakhalepo pokondwerera. Mulibe mawu ngakhale amodzi, wopambana amangoimika zala ziwiri kumapeto. Tayesani kupeka njira yatsopano yoti anthu awiri omwewo atcherane misampha, magazini iliyonse, kwa zaka zoposa 25, mundiuze ngati uli ulesi.

Amene anaiyambitsa ndi Antonio Prohías wa ku Cuba. Anali wojambula wotchuka kwawo, koma boma la Fidel Castro litayamba kumuganizira kuti ndi kazitape wa America chifukwa cha makatuni ake, anathawira ku New York mu 1960, Chingerezi osachidziwa kwenikweni. Katuniyi inayamba kutuluka mu Januwale 1961. Munthu wonamiziridwa ukazitape anapeza chakudya cha moyo wake wonse pojambula akazitape opusa. Ndipo aphunzitsi, tayang'anani pamwamba pomwe pali mutu wa katuniyo, muona timadontho ndi timizere.

Bambo Mbewe: Ndikutiona. Ndinkayesa n'zokongoletsa.

Chikondi Wojambula: Ndi zilembo za Morse zija ankatumizira matelegalamu. Mukazimasulira zikutchula dzina la Prohías. Kazitape kusaina mwaukazitape.

Bambo Mbewe: Zaka zonsezi! Ndipo ine ndinaphunzitsapo ana a sikauti Morse.

Fatsani: Mbiri yake ndi yokoma, sindikana. Koma mwangondiuza kuti munthuyo anali ndi luso. Simunandiuze chifukwa chake ndiseke chinthu chimene ndikudziwa kale mathero ake.

Mayi Banda: A Fatsani, agogo anu akamati "Padangokhala," inu munkayankha kuti "Tili tonse" kapena munkanyamuka n'kupita kukagona poti mukudziwa kale kuti Kalulu apusitsa Fisi? Nthano zonse zija Fisi sanapambanepo, ndipo akanapambana tsiku limodzi ana tonse tikanalira kuti agogo mwalakwitsa. Ine ndinayesapo kusintha mathero pouza adzukulu anga, anandikonza pomwepo.

Fatsani: Apo mwandigwira mayi 😅 komabe ndibweranso.

Ankolo Jere: Moni kuchokera ku Joni. Kunonso ilipo yotere, Madam & Eve, inayamba mu 1992. Si yakale ngati ya aphunzitsi koma mchitidwe wake ndi womwewo. Muli gogo wachizungu, Mother Anderson, wokonda kachakumwa kake, ndiye mumsewu mumadutsa mayi wogulitsa chimanga chachiwisi akukuwa mokweza. Gogo uja akangomva, watenga legeni. Zaka zonsezi akuthamangitsanabe. Chimene chimandiseketsa ine n'chakuti amayi amenewa alipodi, amadutsa pomwe ndimagwira ganyu, mawu awo mumawamva adakali kutali. Ndikangomva ndimayang'ana pawindo la abwana ngati patuluke legeni.

Nangozo: Ankolo samalani, tsiku lina mudzaseka mokweza akuchotsani ntchito.

Chikondi Wojambula: Chitsanzo chimene ojambula timachikonda kwambiri ndi kachilumba. Mu The New Yorker, imene inayamba mu 1925, ndi m'magazini ena ambiri, mumapezeka katuni ya munthu amene chombo chake chamira, ali pakachilumba ndi mtengo umodzi wa kokonati, ndevu zafika pachifuwa, thalauza lothothoka m'maondo. M'zaka za m'ma 1950 zinachuluka zedi. Mukayang'ana zoyambirira, chilumbacho chinali chachikulu ndithu, nkhalango kumbuyo, chombo chikuoneka chikumira, kuti wowerenga amvetse chachitika. Pakupita kwa zaka chinanka chicheperachepera mpaka kusanduka kachulu kokwana anthu awiri atakhala mopanikizana. Chifukwa chake n'chakuti owerenga anali ataphunzira kale. Wojambula safunikanso kufotokoza kalikonse: mzere wa madzi, kachulu, mtengo, basi mwadziwa kuti munthuyu ali yekha, alibe kothawira, wakhala nthawi yaitali. Mphamvu zonse zimatsalira pa chinthu chimodzi chatsopanocho. Mwina awiriwo akukangana za malire a munda pakachulu pomwepo. Mwina kwabwera botolo loyandama, m'kati mwake muli kalata ya ngongole.

Zina za mtundu womwewu ndi munthu wokwawa m'chipululu kufuna madzi, wodwala atagona pasofa dokotala wa maganizo ali pambali ndi kabuku, Imfa itavala mkanjo wakuda ndi chikwakwa ikugogoda pachitseko, ndi mzere wa anthu pachipata cha kumwamba.

Mabvuto wa ku Chipata: Ya pachipata cha kumwamba ngakhale kwathu kuno timaikamba pakamwa, m'busa ndi dalaivala wa basi afika limodzi. Sitinaione m'magazini ife.

Tamanda: Ine zanga ndi za Chifalansa, poti ndi zimene zinali mulaibulale kusekondale. Asterix inayambira m'magazini yotchedwa Pilote mu 1959, olemba René Goscinny, wojambula Albert Uderzo. Muli zobwerezabwereza zambiri. Kumapeto kwa nkhani mudzi wonse uli paphwando, woyimba wa m'mudzimo amumangirira pamtengo atamutseka pakamwa kuti asayimbe. Koma imene ndinkaidikira ndi ya achifwamba a panyanja. Nthawi iliyonse Asterix ndi Obelix akakwera chombo amakumana nawo, ndipo chombo cha achifwambawo chimamira. Zinafika poti tsiku lina atangowaona patali, anaboola okha chombo chawo kuti asavutike n'kumenyedwa. Pamenepo ndinaseka mpaka woyang'anira laibulale kunditulutsa. Koma munthu amene sanaone kumira koyamba ndi kwachiwiri sangaseke pamenepo, angodabwa kuti anthuwa apenga.

Chikondi Wojambula: Ndi zimenezo achemwali! Kumira koyamba kuja n'kufesa chabe. Zokolola zimabwera kachisanu.

Fatsani: Chabwino, ya kuboola okha chomboyo ndaseka.

Bambo Mbewe: Tsopano ndikuuzeni imene inkandipweteka mtima pogula. Kuseri kwa chikuto chakumbuyo cha Mad kumakhala chithunzi chachikulu, funso pamwamba, mawu ena pansi, ndi timivi tiwiri, A ndi B. Mukapinda tsambalo kuti A akumane ndi B, pakati ponse pamabisika, mbali ziwiri zotsalazo n'kupanga chithunzi china chosiyaniratu, ndipo mawu apansi aja nawonso amalumikizana n'kupereka yankho. Wojambula wake anali Al Jaffee, anayamba mu 1964. Magazini a anthu olemera ngati Life ndi Playboy ankakhala ndi tsamba lalikulu lotambasula, iye anati ife osauka tipanga lopindira m'kati. Ankayesa ndi nthabwala ya tsiku limodzi, anaichita mpaka 2020, ndipo anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 102.

Vuto langa linali lakuti za pa kaunjika zimabwera zitadutsa m'manja ambiri. Ukaitenga pamphasa paja, chikuto chakumbuyo chili ndi mizere iwiri yoyera, pepala litafewa ngati nsalu, mwina litang'ambika kale m'mizeremo. Ungoigwira, yapindika yokha, yankho laonekera usanawerenge n'komwe funso. Ndinkatembenuza mulu wonse kufunafuna yosapinda, wogulitsa akundiyang'ana ndi diso loti bambo mugula kapena mukuwerengera pompano. Ndipo anazindikira msanga mnyamata uja, yosapinda anayamba kuikweza mtengo.

Nangozo: Wogulitsayo ndiye anali ndi nzeru kuposa nonse.

Mayi Banda: Ife magazini otere tinkawaona atakutira makope kapena atakulunga zitumbuwa. Unkawerenga theka la katuni, theka linalo lapita ndi wogula wina.

Chikondi Wojambula: Mu Mad zobisika zinali mbwee. Kamnyamata ka makutu aakulu ndi dzino loguluka, Alfred E. Neuman, kamene kanakhazikika pachikuto kuyambira 1956. Mawu a Chipolishi akuti potrzebie ankangowaponya paliponse popanda chifukwa, mpaka Donald Knuth, amene pambuyo pake anadzakhala katswiri wamkulu wa zamakompyuta, nkhani yake yoyamba kusindikizidwa inali yoseka ya miyezo ya potrzebie mu Mad mu 1957. Ndiye m'mphepete mwa masamba, moyera muja, muli tizithunzi tating'onoting'ono ta Sergio Aragonés kuyambira 1963. Aphunzitsi, ngati chiswe chadya m'mbali ndiye kuti chadya Aragonés.

Bambo Mbewe: Chadyadi. Chiswe chodziwa kusankha.

Nangozo: Ya kubisa imandikumbutsa Al Hirschfeld amene ankajambula anthu a zisudzo mu The New York Times. Mwana wake Nina atabadwa mu 1945, anabisa dzinalo m'chithunzi, m'tsitsi ndi m'makwinya a zovala. Atafuna kusiya, owerenga analemba makalata odandaula, ena atataya tsiku lonse kufunafuna dzina limene palibe. Mapeto ake anayamba kulemba nambala pambali pa siginecha yake kuti anthu adziwe kuti ma NINA alipo angati. Agogo ena amene ndimawasamalira kuno ku Leeds ndi amene anandionetsa, ali ndi buku la zithunzi zake, timafufuza limodzi ndi galasi lokulitsa ndikamaliza kuwapatsa mankhwala.

Fatsani: Ndiye kuti pamenepo wojambula wasanduka kapolo wa nthabwala yake yomwe.

Chikondi Wojambula: Pang'ono inde. Ine ndinkaika kabuluzi pakona ya zojambula zanga. Tsiku lina ndinaiwala, mauthenga amene ndinalandira anali ofunsa za buluzi okhaokha, za katuniyo palibe anayankhulapo.

Ankolo Jere: Nanga zija za mkazi wodikira kuseri kwa chitseko usiku atanyamula chibonga chopangira buledi, mwamuna akubwera ku mowa nsapato zili m'manja? Kwathu ukanakhala mthiko.

Nangozo: Andy Capp ameneyo ankolo, wa Reg Smythe, anayamba mu Daily Mirror mu 1957. Kuno akadalipo. Koma zoyambirira zake mukaziona lero simungaseke, mwamuna ndi amene ankamenya mkazi wake Flo, anthu n'kumati ndi nthabwala. Anazisiya pang'onopang'ono. Ngakhale ndudu imene inkalendewera pamlomo pake inachoka m'zaka za m'ma 1980. Chimodzimodzi Dennis the Menace wa m'magazini ya ana ya Beano, kale nkhani zambiri zinkathera poti bambo ake amukwapula ndi silipasi, pano mulibemo.

Imene sindinaimvetsepo mpaka lero ndi ya apongozi. Azungu akale ankaikonda zedi: apongozi aakazi onenepa, nkhope yokwinya, afika ndi masutikesi, mkamwini akuwanyoza pamaso pawo. Agogo a kuno akandiuza nthabwala zotere ndimangomwetulira mwaulemu. Ife kwathu mkamwini akaona apongozi akubwera panjira amapatukira kutchire, angayambire pati kuwayankha mwano?

Mayi Banda: Nthabwala ya apongozi kwathu ilipo koma imayenda chobwerera. Timaseka mkamwini, osati apongozi.

Bambo Mbewe: Mwandikumbutsa ya mu Punch imene ndinkaphunzitsira ana a Folomu 4. Ndi ya George du Maurier, 1895. M'busa wachinyamata, wamanyazi, waitanidwa kukadya mfisulo kwa bishopu. Dzira limene amupatsa ndi lovunda. Bishopu wazindikira n'kupepesa, koma mnyamata uja, poopa kukhumudwitsa abwana, akuti ayi ndithu, mbali zina za dzirali zili bwino kwambiri. Abusa aang'ono amantha anali anthu obwerabwera m'makatuni a Punch, koma iyi inakhala mpaka kusanduka mwambi m'Chingerezi. Ana anga a sukulu sankafuna kuwamasulira kawiri, ankaimva msanga kuposa ndakatulo zonse za m'silabasi.

Mabvuto wa ku Chipata: Ankaimva chifukwa m'busa ameneyo ndine. Nditangokwatira kumene ndinapita kwa akazi anga kumudzi, kunja kukutentha, mwezi wa Okutobala. Anandiikira nsima m'kanyumba kandekha, ndiwo nyemba zogonera. Nditangovundukula mbale fungo linandiuza zonse, pamwamba pali tithovu. Apongozi akhala patali pansi pa mtengo wa mango, atembenukira kumbali, atuma kamwana kudzafunsa ngati ndiwo zili bwino. Kamwanako kaima pakhomo kakundiyang'ana m'kamwa. Ndinatema mbamu, kususa, kumeza osatafuna, n'kunena kuti kawauze zakoma kwambiri. Kanathamanga, kanabweranso ndi mbale ina yodzaza.

Nangozo: 😂😂😂 achimwene munamaliza?

Mabvuto wa ku Chipata: Ndinamaliza. Za usiku umenewo musandifunse, chimbudzi chinali kuseri kwa nyumba ya apongozi omwewo.

Tamanda: Pepani ndisokoneze chisangalalo. Aphunzitsi, m'magazini anu a ku Britain amenewo, mulibemo katuni ya mzungu ali mumphika?

Bambo Mbewe: Ndimayembekeza kuti wina afunsa. Ilimo imodzi, ndinaidutsa msanga dzulo.

Tamanda: Imeneyo inalinso ngati kachilumba kaja, yobwerabwera kwa zaka zambiri ku Britain ndi ku America komwe. Mmishonale kapena mzungu woyendera maiko, chipewa chake chili kumutu, wakhala mumphika waukulu pamoto. Pambali anthu akuda, milomo yotupa, fupa pamphuno kapena m'tsitsi, mikondo m'manja. Mawu apansi amasintha, chithunzi n'chomwecho. Ndipo achimwene a Chikondi, zonse munanena za kachilumba zikugwiranso pano. Wojambula safunika kufotokoza, owerenga anaphunzira kale. Kachulu ndi mtengo ndiye kuti munthu ali yekha. Munthu wakuda ndi mphika ndiye kuti amadya anthu. Ngakhale mu Asterix amene ndamutamanda uja, mlonda wa achifwamba amene amakhala pamwamba pa mlongoti ndi munthu wakuda wa milomo yofiira yaikulu, wolephera kutchula R. Ndili mwana ndinkaseka nawo, sindinkadziwa kuti akujambula ine.

Fatsani: Eya, apa ndi pamene ndimafuna kufika, kungoti mawu anandisowa. Chinthu ukachiona kambirimbiri umasiya kuchifunsa. Mukuti ubwino wake ndi wakuti wowerenga saganizanso za chithunzicho, amangothamangira mawu apansi. Ine ndikuti choopsa chake n'chomwecho.

Chikondi Wojambula: Sindikutsutsani. Chida n'chimodzi. Ndipo ndikhulupirira kuti ambiri amene ankajambula mphikawo analibe n'chidani chomwe mumtima, ankangotola chimene chili pafupi, ngati mmene ine ndimatolera bwana wamimba yaikulu ndikafuna kujambula katangale. Tsiku lomalizira ntchito lafika, mkonzi akudikira, dzanja limapita lokha kumene linazolowera. Koma kusakhala n'chidani sikuchepetsa zimene mwana wa ku London anaphunzira za ife poona chithunzicho kakhumi asanakumanepo ndi munthu wakuda.

Nangozo: Ndipo ana amenewo ndi amene ndikuwasambitsa panopa. Ambiri ndi anthu abwino. Koma mmodzi anandifunsapo akuseka ngati kwathu tidakali ndi mphika uja. Ndinamuuza kuti ulipo, timaphikira thobwa la pa ukwati, ndipo iye sangakwanemo.

Bambo Mbewe: Ndivomere kuti nthawi imeneyo ndinkaseka nawo. Ndinkadziuza kuti akunena anthu ena a kutali, osati ife ovala tayi. Pano ndikuyang'ana chithunzichi ndi maso a mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo chinthu choyamba chimene ndikuona ndi mphikawo. Ndi wachitsulo, wamiyendo itatu. Miphika yotere inkasulidwa ku Ulaya n'kubwera ndi amalonda. Makolo athu ankaumba ya dothi, ndipo palibe mayi anaumbapo wokwana munthu wamkulu ndi chipewa chake. Ndiye kuti ngakhale chiwiya cha m'nthabwalayo anabwera nacho okha. Nanga amishonale oyamba kuno anawadya ndani? Bishopu Charles Mackenzie anafika mu 1861, Januwale 1862 wamwalira ndi malungo kufupi ndi kumene Ruo amathira mu Shire. Ku Cape Maclear manda a amishonale a Livingstonia alipo mpaka lero, anawatha ndi malungo omwewo mpaka anzawo anasamukira ku Bandawe. Akanafuna kujambula zoona akanajambula udzudzu utamanga kansalu m'khosi, mpeni ndi foloko m'manja.

Chikondi Wojambula: Aphunzitsi, imeneyo ndaba. Muiona sabata yamawa.

Mayi Banda: Choseketsa n'chakuti mantha anali mbali zonse. Agogo anga ankatiopseza kuti mukamalira mzungu abwera adzakudyeni, ndipo nyama ya m'chitini sankaikhudza, amati sudziwa chimene aikamo. Kungoti agogo analibe makina osindikizira magazini.

Ankolo Jere: Koma tisamachite ngati ife ndife oyera. Nthabwala zathu za pa minibasi ndi m'zisudzo nazonso zili ndi anthu ake obwerabwera: munthu wa kumudzi wofika m'tauni koyamba, wa mtundu wakutiwakuti amene amati ndi waumbombo, wina amati ndi wokonda ndewu. Kuno ku Joni Mmalawi m'nthabwala zawo amakhala wolima maluwa nthawi zonse. Ndikamva ndimaseka nawo, poti ndimalimadi maluwa, koma mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi ndi mphunzitsi wa masamu wokhala ndi digiri.

Fatsani: Ndiye tizisiyanitsa bwanji? Akazitape aja mukuti ndi luso, mphika mukuti ndi poizoni, koma njira yake mwavomereza kuti ndi imodzi.

Tamanda: Kwa ine ndimafunsa kuti akugwa ndani. Akazitape aja ndi ofanana ndendende, kusiyana mtundu wa chovala basi, lero wagwa uyu mawa uyo, ndipo chimene akuseka Prohías ndi maboma awiri amphamvu amene ankawononga chuma potcherana misampha. Munthu wa pakachilumba ndi wowerenga mwiniwake. M'busa wa dzira uja tonse tadzipezamo, mpaka achimwene a ku Chipata ndi nyemba zawo. Koma pa mphika paja, wowerenga amene ankamuganizira ali m'kati mwa mphika, ndipo ife tili panja ngati mitengo ndi udzu. Palibe tsiku limene ankayembekeza kuti magaziniyo idzafika pamphasa ya kaunjika n'kugulidwa ndi mphunzitsi wa ku Dedza.

Fatsani: Yankho limenelo ndalilandira theka. Theka linalo ndi lakuti Fisi nayenso amagwa tsiku lililonse, ndipo palibe akumumvera chisoni.

Mayi Banda: Fisi akadzalowa pagulu pano tidzamupepesa.

Bambo Mbewe: Pokhala mphunzitsi ndisachoke osakusiyirani kanthu kolemba m'kope. Mawu amene tikugwiritsa ntchitowa, katuni, tanthauzo lake loseketsali linayambira mu Punch momwemo. Kale ankatanthauza chithunzi choyeserera chimene mmisiri amajambula papepala lolimba asanapente chenicheni pakhoma. Mu 1843 ku London kunali chionetsero cha zithunzi zotere zokakongoletsera nyumba ya malamulo yatsopano, ndiye John Leech anajambula anthu osauka, ovala nsanza, akuyendayenda m'chionetsero cha zithunzi, kuseka boma lowononga ndalama pa zokongoletsa anthu akugona ndi njala. Anaitcha katuni nambala 1, dzina n'kukanirira. Punch yomweyo inayamba mu 1841, inatsekedwa mu 1992, anaidzutsa mu 1996, n'kufanso mu 2002.

Nangozo: Aphunzitsi sapuma pantchito ndithu. Mayeso ndi liti?

Chikondi Wojambula: Bambo, magazini amenewo musawasiye m'chipinda chodonthacho. Ndikubwera ku Dedza Loweruka, ndibweretsa mapepala apulasitiki ndi mankhwala a chiswe. Ngati mungandibwereke angapo ndikawajambule pa sikana ndidzabweza, ndikulonjeza pamaso pa gulu.

Ankolo Jere: Aphunzitsi musalole, wobwereka buku sabweza, imeneyonso ndi nthabwala yobwerezabwereza.

Bambo Mbewe: Bwera mwana wanga, koma ubwere ndi misomali ya malata, ukwere padenga kaye. Tsono tamverani izi. Pansi penipeni pa mulu ndapeza imodzi ya 1978 yosapinda. Chikuto chakumbuyo chili see, ngati yachokera kusitolo lero. Ndiye kuti ndinaigula modula kwa mnyamata uja n'kuisunga kuti ndidzapinde tsiku labwino, kenako n'kuiwala. Ndipinde kapena ndisiye?

Fatsani: Pindani madala, mwadikira mokwanira.

Chikondi Wojambula: AYI! Musakhudze! Ndidzaijambula pa sikana, tidzapinda kope lake.

Tamanda: Yesani kuganizira yankho ndi maso okha kaye, muone ngati mungalipeze.

Mabvuto wa ku Chipata: Funsani amayi a kunyumba, mwina mukhululukidwa za denga.

Bambo Mbewe: Musavutikenso. Ndinapita kukatenga magalasi kuchipinda, pobwera ndapeza mdzukulu wanga wa zaka zisanu waipinda kale. Osati A kukumana ndi B ayi. Wapanga ndege.